Bowo la Mpweya kwa Apongozi Ako

Tamanda mwana wanga,

Ndikulemba ndili m'vani, panja pa nyumba yathu yomwe. M'nyumbamo simukulowekanso. Azakhali ako alanda khitchini, pabalaza padzaza alendo a ku Peckham ndi zikwama zawo, ndipo pampando panga paikidwa keke imene ndauzidwa kuti ndisaiyandikire n'komwe. Dzuwa likadalipo, ndiye ndatsamiritsa pepala pa chiwongolero. Chichewachi ndasankha dala. Ndikakuuza chinthu m'Chingerezi umayankha kuti "I know, Dad" ndisanamalize n'kulankhula komwe, koma Chichewa umachiwerenga pang'onopang'ono, milomo ikugwedera, ndipo ndi mmene ndikufuna kuti uwerengere kalatayi.

Mawa ukukwatiwa ndi Mayeso, ndipo ndine wokondwa. Mnyamatayo ndimamukonda, ngakhale sasiyanitsa sipanala ndi pulaya. Alangizi akuuza zambiri sabata ino: kagwadidwe, kalankhulidwe ndi apongozi, kupirira. Dzulo unandibwezera ndi kiyi wako yemwe wa pakhomo pano, ukuti akuuza kuti mkazi sapita naye ku banja. Mawu awo sindikulimbana nawo. Ine ndine wokonza maboyila, ndipo langizo langa ndi limodzi: usadzagone m'nyumba ya apongozi ako boyila ikuyaka bowo lake la mpweya lili chitsekere. Zonse zimene ndilembe m'munsimu n'zongochirikiza mawu amenewo.

Ukukumbukira tsiku limene tinapita kukaona kwawo, kuseri kwa New Addington kuja, kumene thiramu, sitima ija ya mumsewu, imathera ndipo msewu umalowa pakati pa minda. Mapaipi a gasi sanafikeko, n'chifukwa chake a Mwale, apongozi ako, amatenthetsera nyumba ndi boyila yakale ya mafuta. Inu muli pabalaza kuonetsana zithunzi, ine ndinapempha kuchimbudzi, ndipo mphuno inanditengera kukachipinda ka boyila, kamene kali pansi penipeni pa chipinda chimene mwapatsidwa iwe ndi Mayeso. Boyilayo inali yozimitsa, popeza kunali kotentha ndipo madzi amatenthetsa ndi magetsi. Koma khoma la pamwamba pake linali bii ndi mwaye, ndipo bowo lolowetsa mpweya wa panja, lija la m'munsi mwa khoma, linali litatsekedwa ndi chitenje chopinda bwinobwino, n'kukhomerapo kabolodi. Inali ntchito yaukhondo, ya munthu wosamala nyumba yake.

Chimene chinandiopsa kwambiri ndi mawu a mayi Mwale patebulo. Anati, "Ine winter sindigwirizana nayo, asewele. Mutu kuwawa, miyendo lefu, mseru. Koma ndikangofika ku church, basi, finish, ndachira." Onse anati ameni. Inenso ndinati ameni, chifukwa pemphero ndimalikhulupirira. Koma iwe ndi ine, okonza maboyila tonse awiri, tikudziwa chimene chimapweteketsa mutu m'nyumba n'kuleka munthu akatuluka panja. Ndi poizoni uja wosanunkha, wosaoneka, amene moto umatulutsa ukamanidwa mpweya. Amayamba ndi mutu, kenako tulo, ndipo ena sadzukanso.

Usaganize kuti ndinakhala chete. Ndinawakokera pambali a Mwale n'kuwauza mosapita m'mbali, ndipo ndinadzipereka kuti ndibwere Loweruka lina ndidzaikonze. Anaseka n'kundigwira paphewa. "Asewele, mwabwera kudzaona ana kapena mwabwera pa call-out? Boiler imeneyi ndimaidziwa ngati mkazi wanga. Flame yake ndimaitchuna ndi maso, zaka zonsezi." Nditabwerako ndinatuma ankhoswe, amalume ako a Jailosi. Anabwerera akuseka mpaka misozi, akuti anyamulapo nkhani zamitundumitundu pakati pa mabanja, koma ya bowo la pakhoma inali yoyamba. Yankho linali loti bowolo limalowetsa chisanu, ndipo mayi a m'nyumba amadwala kale nyengo yozizira. A Jailosi anaonanso kuti chaka chino a Mwale amata mphira m'mbali mwa mawindo ndi zitseko zonse kuti mtengwa wawo asadzazizidwe. Ndiye kuti mpweya wochepa umene unkalowera m'ming'alu nawonso watsekeredwa panja. Akuchita zonsezi chifukwa chokukonda, ndipo chisanu chatsala pang'ono kufika.

A Mwale si munthu wopusa, ndipo usadzawaone choncho. Anakulira pa famu ya fodya ku Zimbabwe ngati ine, ankasonkha moto m'mabalani ali mnyamata, ndipo ayendetsa mabasi mu London muno mpaka kupuma ntchito. Manja awo amadziwa chitsulo. Za chisanu, tonse amene tinabwera kuno tili akuluakulu tili ndi matenda amodzi: tikaona kabowo pakhoma timafuna nsanza. Ine ndi mayi ako, m'kachipinda kathu koyamba ku Thornton Heath, tinatseka bowo lililonse ndi masokosi, n'kumadabwa kuti makoma akuchita nkhungu bwanji. Zimene a Mwale amakhulupirira pa za moto ndi zomwe inenso ndinafika nazo, ndipo zinandichoka m'mutu chimodzichimodzi, chilichonse ndi manyazi ake. Ndikufotokozere, kuti ukamadzawaona akuchita zomwezo uzidzadziwa kumene zikuchokera.

Ndili wophunzira ntchito, bwana wanga anandisiya ndi boyila ya nyumba ina yaikulu n'kupita kukagula chida. Bena, makina aja opopera mafuta ndi kuyatsa moto, inali itazima, batani lake lofiira litayaka. Kwathu galimoto ikakana kulira umangoyesabe mpaka ivomere, ndiye ndinadina. Inalira pang'ono n'kuzima. Ndinadinanso, ndinadinanso, ndikudziuza kuti ulendo uno igwira basi. Sindinkadziwa kuti ulendo uliwonse mafuta ankapoperedwa m'kati osapsa n'kumadikha pansi. Pamene moto unagwira, chinthu chinalira kuti phuu! Chitseko cha boyila chinagwedezeka, mwaye unandithira kumaso, nsidze zinapita. Pa chithunzi cha chinkhoswe chathu ndilibe nsidze, ukafunse mayi ako akuonetse. Choncho, Tamanda, batani limenelo udine kamodzi. Ikazimanso, bena ikukuuza kuti chilipo chavuta, ndipo ntchito yako ndi kuchifunafuna. La a Mwale ndinaliona, lachita kufufutika ndi chala.

Ulendo wina, cha ku Biggin Hill, ndinathamangira zovuta n'kusiya zapafupi. Ndinamasula bena yonse, zidutswa n'kuziyala pa nyuzipepala ngati ndikugulitsa pamsika, thukuta lili kamukamu, mpaka mwini nyumba anabwera ndi tiyi n'kufunsa mwaulemu ngati zinali ndi kanthu kuti lole ya mafuta sinabwere mwezi umenewo. Thanki inali itauma gwa. Tiyi ameneyo ndinamwa ndikuyang'ana nsapato zanga. Iwe uziyamba ndi zimene aliyense angaone. M'thanki muli mafuta? Kachubu koonetsa mlingo kamanama, pisa ndodo m'thankimo. Mpopi wa mafuta ndi wotsegula? Kavalavu kaja kodzitsekera kakamva kutentha sikanadzitseke? Magetsi akufika? Kenako sefa, chifukwa thanki yakale imasunga madzi ndi matope pansi, ndipo zonsezo zimathera m'sefamo. Ngati mafuta anathapo, m'paipi mwalowa mpweya, ndipo uutulutsire pa pampu, kabakuli kali pansi, nsanza ili m'manja.

Zimenezi zikakhala bwino, zimitsa magetsi, tseka mafuta, dikira chizizire, ndiye utulutse bena. Pukuta kadiso kaja koona moto, chifukwa kakada ndi mwaye kamaganiza kuti moto kulibe n'kuzimitsa zonse. Koma ukapeza mwaye pa kadiso usangopukuta n'kusangalala, udzifunse kumene mwayewo wachokera. Ona tizitsulo tiwiri totulutsa mbaliwali zoyatsira, ngati tatalikirana moyenera ndiponso ngati zokutira zake zoyera sizinang'ambike. Paipi yofewa yobweretsa mafuta ikauma n'kuyamba ming'alu, ichotse, usaimvere chisoni. Gwiritsanso ntchito khutu ndi mphuno: bena yabwino imayaka mwakamodzi n'kumalira mosalala, ndipo ikamachedwa kugwira kenako n'kugunda, kapena ikamasiya fungo la mafuta itazima, pali chimene sichili bwino.

Pali chinanso chimene ndikudziwa kuti ukachipeza kumeneko. Tonse amene tinakulira pa pulaimasi timayenda ndi singano m'mutu. Pulaimasi ikatsekeka umatenga kawaya n'kutokosa pakamwa pake, moto n'kubwerera. Tsiku lina m'vani munalibe nozo yatsopano, kamlomo kaja kamene kamasandutsa mafuta kukhala nkhungu, ndiye ndinati bwanji nditokose yakaleyo. Inayaka ndithu, ndipo ndinachoka ndikuimba mluzu. Sabata isanathe anandiitananso, boyila yonse itadzaza mwaye, nyumba ikununkha. Kabowo ka nozo n'kochepa kuposa nsonga ya singano, ndipo ukangokakanda mafuta amatuluka mokhota n'kumamenya khoma m'malo mopsa. Nozo satokosa, amasintha, ndipo amaika yofanana ndi imene wopanga boyila analemba, manambala ake onse. Pawindo la kachipinda ka a Mwale pali singano yobayidwa pakansalu, ndipo si yosokera.

Chachikulu chinandichitikira ndili kale ndi mapepala anga, ndikudziona katswiri. Holo ya mpingo wina wa anthu akwathu ku Tottenham inali ndi boyila ya mafuta yotsalira kuyambira kalekale. Ndinaitchuna bwino kwambiri, makina oyezera utsi anavomereza, koma ntchito yonseyo ndinagwira chitseko cha kachipinda chili chotsegula kuti ndiziona bwino. Sindinasuzumire kuseri kwa madiramu abuluu amene amayi a mumpingomo anaunjika pakona, odzaza zovala ndi nsapato zoti zitumizidwe kumudzi. Madiramuwo anali atatseka bowo. Chitseko chili chotsegula moto unkapuma bwino, koma nditachoka anatseka chitsekocho. Lamlungu lake oimba kwaya anayamba kudandaula mutu, mmodzi anasanza, ndipo mwayi unali woti pakati pawo panali namwino amene anazindikira msanga n'kutulutsa anthu onse panja. Palibe anavulala. Ndinathamangirako, tinasuntha madiramu, ndipo mayi wina anati, "Koma a Kachingwe, ma drum amenewa akhala pompa since Easter. Ife tikanadziwa bwanji kuti khoma limapuma?" Sakanadziwa, woyenera kudziwa ndinali ine. Kuyambira pamenepo ndikalowa m'kachipinda ka boyila ndimayamba ndi bowo, ndipo ndimayeza chitseko chili chotseka, chivundikiro chili pamalo pake, monga mmene boyilayo izikhalira ine nditapita.

Tsono ukamadzatchuna ya a Mwale, bowo litsegulidwe kaye. Sesa m'kati mwa boyila, zitsulo zija zokhotetsa utsi uzitulutse uzipale, uone ngati mbalame sizinamange m'chumuni ndiponso ngati molumikizira simukutuluka utsi. Ika nozo yatsopano. Mangirira geji yoyezera mphamvu ya mafuta pa pampu n'kuika mphamvu imene wopanga analemba, osati imene khutu lako lakonda. Yatsa, uilekerere itenthe. Kenako popa utsi pa kapepala koyera kaja, ndipo kadontho kakada ndiye kuti moto sukupsa bwino, kawirikawiri mpweya wachepa. Sunthira kachitseko ka mpweya pang'ono kwambiri, dikira, yezanso. Makina oyezera uwalowetse m'chumuni kapepala katayera, apo ayi ungowaononga ndi mwaye. Maso asakunamize, mwana wanga. Moto wowala bwino ukhoza kukhala ndi mpweya wopitirira muyezo, kutentha konse n'kumathawira kudenga, ndipo ukhozanso kutulutsa poizoni uli wokongola choncho. Manambala akakana kukhala pamene ayenera, kapena ukapeza mng'alu m'kati, zimitsa, usaikakamize. Undiimbire foni tidzaonere limodzi.

Zonsezi ukuzidziwa, ndipo ndikumva kale "I know, Dad" wako. Mapepala ako a maboyila a mafuta unapeza chaka chatha, ndipo manja ako ndi odekha kuposa anga. Sindikuopa kuti bena ikukanika. Chimene ndikuopa n'chakuti ukafika kumeneko uli mtengwa, wovala chitenje, woyang'ana pansi, ndipo munthu amene anakhoma kabolodi ndi apongozi ako aamuna, amene mwambo sukulola kuti uwatsutse pamaso. Ndinakuona tsiku lija ukulandira mbale ndi manja awiri, ukungovomera chilichonse, iwe amene umakangana nane za mapaipi mpaka chakudya kuzizira. Ndinanyadira, komanso ndinachita mantha.

Ndiye tamvera. Ulemu uwapatse wonse. Usakazule chitenjecho mobisa iwo atapita ku tauni, chifukwa adzachibwezera, ndipo udzakhala utawanyoza m'nyumba mwawo. Yamba ndi Mayeso. Umuonetse mwayewo ndi maso ake, ndipo akhale pambali pako pokalankhula, popeza ndi bambo ake ndipo pabedi la pamwamba pa boyila pajapo agonapo ndi iye yemwe. Akayamba zoti "Let's not upset him, babe," umuuze kuti ine ndinamupatsa mwana wanga wamoyo. Upitenso kwa mayi Mwale, uwafunse za mutu wawo uja, umayamba liti, umaleka liti, uwasiye aphatikize okha. Za chisanu chimene akuopacho, njira ilipo: mphira imatidwe pa chitseko cha kachipinda cholowera m'nyumba, mphepo izithera m'kachipindamo, koma bowo la panja likhale lotsegula.

Ukatero, pempha a Mwale kuti akuphunzitse boyila yawo. Sindikunena zachinyengo ayi. Amaidziwadi, amadziwa kulira kwake, amadziwa mphepo imene imaizimitsa, ndipo pali zimene ungaphunzire. Aiyatse okha masana, kanthawi kochepa chabe, mawindo onse a nyumba ali otsegula, alamu ya mpweya woipa ili m'manja mwa Mayeso, ndipo ikangolira muzimitse n'kutuluka. Pampu ya utsi uwapatse agwire iwo. Apope chitseko chili chotseka, kabolodi kali pamalo pake, aone kapepala. Kenako uwapemphe kuti achotse kabolodiko pang'ono chabe, mongoyesa, apopenso. Mapepala awiriwo uwasiyire m'manja, iwe usanene kanthu. Ndikuwadziwa amuna a msinkhu wathu. Chimene mwana watiuza timakana, koma chimene taona tokha timakachilalikira kwa anzathu ngati tachitulukira ndife.

Pakati pa mphatso zako, pa mapoto ndi mabulangete paja, ndaikapo bokosi la zipangizo. Azakhali ako a Esinati aliona m'mawa uno n'kunena kuti, "Achimwene, mwana akupita ku banja, osati ku site." Ndawayankha kuti kumene akupitako kuli zonse ziwiri. M'bokosimo muli nozo, sefa, paipi yofewa, geji yanga ija imene wakhala ukuisirira, ndi ma alamu a mpweya woipa. Ina ukaike pafupi ndi boyila, ina m'chipinda chanu, ina m'chipinda cha apongozi ako. Zimenezo ukapachike tsiku lomwe ukalowe m'nyumbamo, usanamasule ndi sutikesi yomwe. Wina akafunsa, unene kuti ndi mphatso ya bambo ako, munthu wovuta uja. Mphatso ya ukwati sabweza, ndipo a Mwale mwambo umenewo amaudziwa kuposa ine.

Ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti kabolodi kaja adzakazula okha, ndipo pofika Khirisimasi adzakhala akundiphunzitsa ine za ubwino wa mpweya. Ndidzamvetsera mwaulemu n'kuwathokoza. Koma ngati zonse zitakanika, chisanu n'kufika, boyila n'kuyatsidwa bowo lili chitsekere, usagone m'nyumbamo, Tamanda, ngakhale kamodzi. Usanene kuti tione kaye mawa. Uwauze onse mosabisa chifukwa chimene ukuchokera, ma alamu uwasiye ali pakhoma, tenga mwamuna wako, tenga ndi mayi Mwale omwe ngati avomera, mukwere thiramu mubwere kuno ku Croydon. Ndikudziwa zimene alangizi akuuza, kuti mkazi wokwatiwa sabwerera kwa makolo ndi chikwama. Ndikudziwanso zimene anthu adzalankhule ku Peckham Lamlungu lake. Manyazi amenewo ndi anga, ndidzawasenza ine, ndipo ndidzapita ndekha kukagwada pamaso pa a Mwale ndi ankhoswe onse mpaka bowolo litatseguka. Zina zonse za m'banja upirire monga akuuza, chifukwa zimenezo munthu amadzuka nazo m'mawa n'kuzikonza. Ichi chokha sichipereka mpata wotero.

Mayi ako akugogoda pa galasi la vani, akuti ndikayese suti. Mawa ndikakupereka ndi mtima wonse, ndipo sindilira, kaya ndilira pang'ono. Kiyi wako uja ndamumangirira pa chogwirira cha bokosi la zipangizo. Usandibwezerenso.

Ndine bambo ako, wovuta uja.